Chakudya, Madzi ndi Nseru Panyanja Nthawi ya Mwera



Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umautsa mafunde aakulu, ndipo mlovi amene wagwidwa nseru amangokhala katundu m'boti. Sangakoke chilimira, sangakape madzi.

Ambirife timanyamuka titangomwa tiyi, ena kachasu, ati kuthamangitsa mphepo. Mowa umakodzetsa, choncho madzi amatha m'thupi, komanso woledzera akagwera m'nyanja sachedwa kufooka. Tidye tisananyamuke koma osakhutitsa: nsima pang'ono, mbatata kapena chinangwa chophika. Zamafuta ambiri zimabwerera.

Kukazizira ludzu silimveka, komabe tizimwa pang'onopang'ono. Madzi akhale a pamjigo kapena othira klorini, osati otunga padoko. Tonse tikukumbukira mmene kolera inavutira m'maboma a m'mphepete mwa nyanja mu 2022 ndi 2023.

Nseru ikayamba, munthuyo akhale pakati pa boti, kutali ndi utsi wa injini, aziyang'ana mapiri akutali. Ngati ndi usiku, agone pansi atseke maso. Posanza wina amugwire, chifukwa funde limodzi lokha likhoza kumuponyera kunja. Ndipo tisamuseke, mnyamata wochita manyazi amabisa mpaka kukomoka. Akasanza kwambiri amwe Thanzi ORS. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Eni maboti, pogula petulo musaiwale chigubu cha madzi a alovi. Makomiti muziona zimenezi padoko maboti asananyamuke.