Kukula kwa Paipi ndi Kufunda kwa Nyumba ku Maiko Ozizira

Omvera ambiri akuchidziwa chisanu cha miyezi ya June ndi July, makamaka a ku Dedza, ku Mzimba ndi kumapiri a Nyika. Chisanu chimenecho chimaluma m'mawa, koma dzuwa likakwera chimathawa, ndipo madzulo banja limasonkhana kuotha moto. Ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya sizili choncho. Kumeneko, m'mwezi wa December dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, usiku madzi amaundana panja, ndipo kuzizira kumakhalitsa miyezi ingapo. Amalawi amene anapita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'zipatala amapeza kuti nyumba zambiri sizifunda ndi moto wa nkhuni ayi, koma ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene amisiri amasankhira kukula kwa mapaipi amenewo.

Kayendedwe kake ndi kotere. M'nyumba mumakhala boyila, imene kawirikawiri imayaka ndi gasi, yotenthetsa madzi. Pampu yaing'ono ya magetsi imakankha madziwo m'paipi kupita nawo m'zipinda. M'chipinda chilichonse, pakhoma pamakhala rediyeta, chitsulo chophwatalala chamng'oma. Madzi otentha akalowa m'menemo amasiya kutentha kwawo m'chipindamo, ndipo amabwerera ku boyila kudzera m'paipi ina atazizirako. Madzi ake ndi omwewomwewo, amangozungulira. Ntchito yawo ndi yonyamula kutentha, monga momwe munthu amasenzera mtolo kuchokera kumunda kufikitsa pakhomo.

Vuto lodziwika bwino m'nyumba zotere ndi ili: chipinda chochezera chimatentha mpaka kutulutsa thukuta, pamene chipinda cha kumapeto, m'mene mwina mukugona ana kapena agogo, chili zii. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti m'nyumba musazizire kutsika pa madigiri 18, chifukwa chipinda chozizira chimachita chinyontho ndi nkhungu, ndipo chimakulitsa matenda a m'chifuwa. Mwininyumba amawonjezera moto wa boyila, ndalama za gasi n'kukwera, koma chipinda chija osafunda. Nthawi zina cholakwa ndi mpweya kapena matope a dzimbiri amene atsekera mu rediyeta. Koma nthawi zina cholakwa chinachitika tsiku lomwe mmisiri anaika paipi yochepa pamalo pofunika yaikulu.

Mmisiri wodziwa ntchito yake sayambira pa paipi. Amayambira pa chipinda. Amayeza makoma, mazenera, denga ndi pansi, n'kuwerengera kutentha kumene chipindacho chimataya pa tsiku lozizira kwambiri. Chipinda cha mazenera aakulu ndi makoma awiri oyang'ana kunja chimataya kwambiri kuposa cha pakati pa nyumba. Kutentha kumeneku kumayezedwa m'makilowati. Kilowati imodzi ikufanana ndi kutentha kwa mbale imodzi yaing'ono ya chitofu cha magetsi. Akadziwa makilowati a chipinda chilichonse, mmisiri amasankha rediyeta yolingana nacho, ndipo pamenepo m'pamene funso la paipi limayambira.

Chachiwiri ndicho kudziwa kuchuluka kwa madzi ofunika kunyamula kutenthako. Izi zimadalira madigiri amene madzi amataya pa ulendo wawo. M'nyumba zakale za ku Britain madzi ankachoka ku boyila ali pa madigiri 82 ndi kubwerera ali pa 71, kusiyana kwake madigiri 11. Lamulo la masamu ake ndi lapafupi: makilowati achulukitsidwe ndi 14, ndipo yankho ligawidwe ndi madigiri a kusiyana aja. Chotsalacho ndiwo malita oyenera kudutsa m'paipi pa mphindi imodzi. Motero kilowati imodzi, pa kusiyana kwa madigiri 11, imafuna madzi pafupifupi malita 1.3 pa mphindi. Kusiyanako kukakhala madigiri 20, monga amachitira ndi maboyila ambiri a makono, madzi ofunika amatsika kufika pa malita 0.7 okha, pakuti lita iliyonse yasenza katundu wochulukirapo.

Chachitatu ndicho liwiro. Madzi ambiri akakakamizidwa kudutsa m'paipi yopapatiza amathamanga, ndipo pano mwambi uja wakuti kuthamanga sikufika umakwanira ndithu. Madzi othamanga amachita phokoso m'makoma usiku, amadya zigongono za paipi pang'onopang'ono, ndiponso amatopetsa pampu. Choncho amisiri amafuna kuti liwiro lisapitirire pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Mapaipi a kopa ofala ku Britain ndi a mamilimita 15, 22 ndi 28, amene analowa m'malo mwa miyeso ya mainchesi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Pa liwiro lija, paipi ya 15 imapititsa malita osakwana 9 pa mphindi, ya 22 imapititsa malita 19, ndipo ya 28 imapititsa malita 32.

Chitsanzo chithandiza kuti manambalawa amveke. Nyumba yosanjikiza ya zipinda zogona zitatu ikhale kuti ikufuna makilowati 10: zipinda za pansi 6, za pamwamba 4. Pa kusiyana kwa madigiri 11, madzi onse ochoka ku boyila ndi malita pafupifupi 13 pa mphindi. Paipi ya 15 singawanyamule popanda phokoso, kotero paipi yoyamba iyenera kukhala ya 22. Pamene njira yagawikana, nthambi yokwera pamwamba imanyamula makilowati 4 okha, ndiwo malita 5, ndipo paipi ya 15 ikwanira bwino. Nthambi ya pansi, ya makilowati 6, ikufuna malita pafupifupi 8. Apa paipi ya 15 yafika m'malire, ndipo mtunda ukakhala wautali mmisiri wanzeru amapitiriza ndi ya 22 mpaka atadutsa rediyeta yoyamba kapena yachiwiri. Rediyeta imodzi yaing'ono ingathe kumwetsedwa ndi kapaipi ka mamilimita 10, kakakhala kakafupi. Maonekedwe ake ali ngati mtengo: thunthu lalikulu, nthambi zocheperapo, ndi timphukira kunsonga. Gawo lililonse limayezedwa potsata katundu yense amene ali kutsogolo kwake.

Pali chinanso chimene maso saona. Madzi poyenda amakhuzana ndi khoma la m'kati mwa paipi, ndipo chigongono chilichonse ndi valavu iliyonse zimawabweza m'mbuyo. Kulimbana kumeneku kumakula modabwitsa paipi ikachepa: madzi omwewo akaloza m'paipi yochepa ndi theka, mphamvu yofunika kuwakankha imachuluka pafupifupi ka 30. Chifukwa cha ichi mmisiri amafufuza njira yovuta kuposa zonse, imene kawirikawiri ndi yopita ku rediyeta ya kutali kwambiri ndi kubwerako. Amaphatikiza zopinga zonse za m'njirayo, n'kuona ngati pampu ingazigonjetse. Pampu wamba ya m'nyumba ili ndi mphamvu yofanana ndi yokweza madzi mamita 5 kapena 6. Njira ya kutali ikafuna yoposa pamenepo, madzi amangozungulira m'marediyeta apafupi, popeza madzi amakonda njira yofewa, ndipo chipinda cha ana chija chimatsala chozizira. Ndiye chifukwa chake, ntchito ikatha, mmisiri amatsekako pang'ono mavalavu a marediyeta apafupi kuti akutali nawonso alandire gawo lawo.

Wina angaganize kuti mankhwala ake n'kuika mapaipi aakulu ponseponse. Kumenekonso n'kulakwa. Kopa ndi wokwera mtengo. Paipi yaikulu imasunga madzi ambiri amene amachedwa kutentha m'mawa. Ndipo madzi akamayenda mwaulesi, matope amadikha pansi ndi mpweya umakhazikika m'makona. Kale mapaipi ankakhaladi aakulu, chifukwa panalibe pampu: madzi otentha ndi opepuka, ankakwera okha, ozizira n'kumatsika. Mphamvu yotero ndi yochepa, ndipo inkafuna njira yotakata. Mapampu aang'ono atafala kuyambira zaka za m'ma 1950, m'pamene mapaipi ang'onoang'ono anayamba kubisidwa pansi pa matabwa a m'nyumba za anthu wamba.

Masiku ano masamu amenewa abwereranso pakamwa pa anthu. Kuyambira m'chaka cha 2022, malamulo a zomangamanga ku England amafuna kuti makonzedwe atsopano otenthetsera nyumba ayezedwe kuti azigwira ntchito ndi madzi osapitirira madigiri 55, pofuna kupulumutsa gasi ndi magetsi. Nyumba zinanso zikuchotsa boyila ndi kuika makina otchedwa heat pump, amene amatenga kutentha kuchokera mu mpweya wa panja. Makinawa amagwira bwino kusiyana kwa madzi opita ndi obwerera kukakhala madigiri 5 okha. Potsata lamulo lija, nyumba ya makilowati 10 ija tsopano ikufuna malita 28 pa mphindi, kuposa kuwirikiza kawiri. Paipi ya 22 imene inatumikira zaka zambiri yachepa, pafunika ya 28. Banja limene lagula makina atsopano osayang'ana mapaipi akale lingathe kuwononga ndalama zambiri ndi kugonabe m'chisanu.

Nyumba za kuno kwathu sizisowa marediyeta, koma nzeru yake si yachilendo. Amene anaona madzi a m'mipope akutsika kuchokera m'phiri la Mulanje kupita kumidzi akudziwa kuti paipi ya kumtunda ndi yaikulu, ndipo imanka nichepa pamene ikugawikana kufikira pa mpope wa m'mudzi. Akudziwanso kuti pakalakwika, amene amasowa madzi ndi a kumapeto. Wophunzira za upulambala, kaya ali ku Blantyre kaya ku Manchester, asunge ndondomeko yake: ayambe wawerengera chofunika kumapeto kwa njira, apeze malita ake, ayang'ane liwiro, ayese njira ya kutali, ndipo pomaliza pake agule paipi. Nkhani ya lero yathera pomwepa.