Mafuta Obisala m'Magazi

Madzulo ano tikambe za mafuta a m'magazi amene madokotala amawatcha kolesterolo.

Mafutawa amapangidwa ndi chiwindi, ndipo thupi limawafuna ndithu. Koma akachuluka amakanirira m'mitsempha, njira ya magazi nkumachepa monga muja mpope umatsekekera ndi dzimbiri. Tsiku limene mtsempha wa mumtima kapena wa muubongo udzatsekeke, munthu amangogwa, kufa ziwalo kapena kutisiya kumene, abale nayamba kulozana zala za ufiti.

Taimani pa chiwaya ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 dzuwa likamalowa. Abambo amapikisana kusankha nthuli zonona, zokazingidwa m'mafuta a dzana, ena akali kukhulupirira kuti mimba yaikulu ndiyo ulemerero. Pamene usipa, nyemba ndi bonongwe wotendera, zimene timazinyoza kuti nzaumphawi, mtima umakondwa nazo.

Nthendayi ilibe ululu wochenjeza, ndipo owonda asadzitame, pakuti ena imawagwira mwa chibadwa. Kuyezetsa magazi kokha ndiko kumaulula. Kafunseni kuchipatala; mukapatsidwa mankhwala otchedwa statin, musawaleke popanda mawu a dokotala.