Mphekesera za Kusintha Oyendetsa pa Mpikisano wa Magalimoto

Pa mipikisano yonse ya liwiro la magalimoto, waukulu koposa ndi umene uchedwa Formula One. Gulu liri lonse limabwera ndi magalimoto awiri, ndipo galimoto iri yonse iri ndi woyendetsa wace mmodzi. Mwambo wace ndi wakuti munthu akapatsidwa galimoto pa ciyambi ca caka, aiyendetse kufikira mpikisano wotsiriza. Koma kawirikawiri, caka cisanafike pakati, manong'onong'o amayamba kumveka akuti uje acotsedwa ndipo uje alowa m'malo mwace.

Mphekesera zotere zamveka kwambiri pa kampani ya Red Bull, ndipo cifukwa cace ncosavuta kucimvetsa. Kampaniyi iri ndi magulu awiri. Lalikulu likhala ku Milton Keynes, m'dziko la England. Laling'ono, limene linagulidwa m'caka ca 2005 ndi kuchedwa Toro Rosso, likhala ku Faenza, m'dziko la Italy. Popeza mwini wa magulu onse awiri ndi mmodzi, kumcotsa mnyamata uku ndi kumuika uko sikulira kupempha cilolezo kwa munthu wina.

Pa 1 May 2016, pa mpikisano wa ku Sochi, m'dziko la Russia, Daniil Kvyat wa gulu lalikulu anagunda kawiri galimoto ya Sebastian Vettel liwiro litangoyamba. Masabata awiri m'mbuyomo Kvyat yemweyo anali atakhala wacitatu ku China, koma zimenezo sizinampulumutse. Patangopita masiku 4, anatsitsidwa kunka ku Toro Rosso, ndipo galimoto yace inapatsidwa kwa Max Verstappen, mnyamata wa zaka 18. Pa 15 May, ku Spain, Verstappen anapambana pa ulendo wace woyamba m'galimotoyo. Kuyambira tsiku limenelo akulu a kampani anaona kuti kusintha munthu pakati pa caka kungathe kupindula.

M'caka ca 2019 tsoka linagwera Pierre Gasly wa ku France. Itatha mipikisano 12, Gasly anali ndi mapointi 63, pamene mnzace Verstappen, woyendetsa galimoto yofanana, anali ndi 181. Anthu analankhulalankhula, akulu a gulu nakana, nanena kuti mnyamatayo adzakhala kufikira kutha kwa caka. Komabe m'mwezi wa August malo ace anapatsidwa kwa Alexander Albon. M'caka ca 2025 Liam Lawson wa ku New Zealand anacotsedwa atangoyendetsa mipikisano 2 yokha, nalowa Yuki Tsunoda wa ku Japan. Akale anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Akuluwo sacita izi cifukwa ca nkhanza cabe. Mapointi a magalimoto onse awiri amawerengedwa pamodzi, ndipo ndalama za mphotho zimagawidwa monga mwa malo amene gulu lapeza pa kutha kwa caka. Woyendetsa mmodzi akatsalira, gulu lonse la amisiri mazanamazana litsalira naye. Cotero munthu wofuna kudziwa ngati mphekesera iri yoona asamvere mau okana a akulu okha, koma ayang'ane kusiyana kwa mapointi a anyamata awiriwo, ndiponso ngati pali wina wokonzeka kulowa m'galimoto.

Kwa mnyamata mwini wace katundu ameneyu ngwolemera, pakuti ayenera kuyendetsa pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola, alikudziwa kuti kulakwa kamodzi kungamlande nchito imene waifunafuna kuyambira ubwana. Koma kutsitsidwa sikutha kwa munthu. Gasly anabwerera ku gulu laling'ono la ku Faenza, ndipo m'mwezi wa September 2020, ku Monza, anapambana mpikisano wace woyamba ali m'galimoto ya gulu lomwelo.