Makala a Moto wa Kumwamba

Nkhani ya lero ndiyo ya kuphulika kwakukuru kocitika kutali, kuseri kwa nyenyezi zonse zooneka ndi maso. Kuphulikako kutulutsa ceza ca mphamvu cochedwa gamma, cimene maso sangacione, ndipo mpweya wokuta dziko ucitsekereza kuti cisafike pansi. Kawirikawiri kutha mphindi imodzi isanakwane.

Cinthu ici cinadziwika mwangozi. M'caka ca 1967 makina a Amereka ochedwa Vela, amene anali kuzungulira dziko m'mlengalenga kuzonda oyesa mabomba, anagwira ceza cosacokera pansi pano. Zaka 30 zinapita anthu ophunzira ali kutsutsana: kodi moto umenewu uli pafupi kapena kutali?

Moto ukazima, makala atsala nanyeka pang'onopang'ono. Comweco kuphulikaku kusiya kuwala kozirara, kumene magalasi akuru oonera nyenyezi angathe kukuona ali pansi. Pa 28 February 1997 makina ochedwa BeppoSAX analoza mbali ya thambo kumene kunaphulika, ndipo tsiku lisanathe galasi la William Herschel, pa cisumbu ca La Palma, linaona kadontho ka kuwala kali kuzirara. M'mwezi wa May caka comweco galasi la Keck ku Hawaii linayesa kuwala kwa kuphulika kwina, nilipeza kuti kunayenda zaka mamiliyoni zikwi zingapo kusanafike kuno. Mtsutso unatha pamenepo.

Nchito imeneyi ifuna cangu, pakuti wocedwa apeza phulusa lokha. Cifukwa cace anapanga magalasi otembenuka okha akalandira mthenga. Mu 1999 lina la iwo, ROTSE, linajambula kuwala patangopita masekondi 22.

Anthu a m'migodi ali nayo mbali m'nkhaniyi. Pa 17 August 2017 kunadziwika kuti mitima iwiri ya nyenyezi zakufa inagundana, ndipo atapita maora 11 galasi la Swope ku Chile linapeza malo ace. Kuwala kumeneko kunayenda zaka mamiliyoni 130, ndipo maonekedwe ace anasonyeza kuti m'moto umenewo munapangika zitsulo zolemera. Ophunzira ayesa kuti golide wambiri anabadwa motero, dziko lisanakhalepo. Munthu wotsika m'mgodi wa golide ku Johannesburg ali kukumba zotsala za moto wotere.