FAILO NDI MFUNDA WACE

 Ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Cifukwa cace ndiyamba ndi kuulula manyazi anga, kuti kapena wina apulumukirepo.

Caka canga coyamba ca nchito ndinalemba mayeso a Giredi 6 pa kompyuta ya mnzanga, ndi kuwasunga pa fulashi, ndipo ndinapalasa njinga m'mawa wonse kunka ku boma kukawasindikiza. Mwini sitolo analowetsa fulashiyo m'kompyuta yace yokalamba, nadina kawiri, koma failo inakana kutseguka. Iye anati, "Aphunzitsi, makina anga adziwa doc yokha, koma yanuyi ndi docx." Ine, poyesa kuti ndine wocenjera, ndinafafaniza x uja pa dzina. Inatseguka inde, koma munali zizindikiro zacabe-cabe, zonga mapazi a nkhuku pa phulusa. Ndinabwerera wopanda kanthu, ndipo mayeso onsewo ndinawalemba pa bolodi, ana a kumbuyo nalephera kuona bwino. Ena anagwa cifukwa ca umbuli wanga.

Tsono cinalakwika nciani? Mlendo akafika m'mudzi mwathu sitikhuta ndi dzina lace lokha. Timfunsa mfunda: kodi ndinu a Phiri, a Banda kapena a Mwale? Tikamva, tidziwa khomo lomperekako. Failo nayonso iri ndi maina awiri. Loyamba muipatsa ndinu, monga Mayeso. Pambuyo pace pali kadontho, ndi malemba atatu kapena anai, ndiwo mfunda wace. Kompyuta ya Windows iyang'ana mfundawo, niitana pulogramu yoyenera. Ikaona docx iitana Word, ikaona xlsx iitana Excel, ikaona jpg idziwa kuti ncithunzi, ikaona mp3 idziwa kuti ndi mau kapena nyimbo. Kufupika kwa mifundayi ndi mwambo wakale: pa MS-DOS, imene inaturuka mu 1981, dzina silinali kupitirira malemba 8, ndi mfunda malemba 3. Windows 95 inamasula lamulolo mu 1995. Ndico cifukwa cace muona jpg ndi jpeg. Ziwirizi ncinthu cimodzi.

Koma m'Phiri akadzicha m'Banda, mwazi wace susanduka ai. Apa ndipo ndinagwera ine. Mu 2007 a Microsoft anasintha kasungidwe ka makalata a Word. Doc yakale inali ya mtundu wace, koma docx ndi mtolo wa timafailo tambiri tomangidwa pamodzi mwa njira ya zip. Wokayika akope docx imodzi, nasinthe mfunda wa yokopayo ukhale zip, adzaona mafoda m'kati mwace ndi maso ace. Word wa 2003 wa mwini sitolo uja sanali kudziwa kumasula mtolo wotere, ndipo kucotsa x sikunamphunzitse kanthu.

Njira yoona ndiyo kutsegula failo m'pulogramu yace, ndi kusankha Save As, ndi kuchula mtundu umene muufuna. Pamenepo pulogramu ilemba zonse mwatsopano m'kasungidwe kenako. Cinthu cokasindikiza cisungeni mwa pdf. Mtundu umenewu anaupanga a Adobe mu 1993, ndipo ubwino wace ndi wakuti tsamba lioneka cimodzimodzi pa makina ali onse, ngakhale pa foni; funso lacisanu silithawira ku tsamba lina. Koma ndandanda ya malikisi a ana, imene Ahedi afuna kuonkhetsa ndi kukonza, itumizeni mwa xlsx. Ndipempha ndithu, lekani kuijambula ndi foni, pakuti jpg ncithunzi cabe, ndipo palibe angaonkhetse manambala a m'cithunzi osawalembanso. Sukulu yopanda ndalama zogulira Word isade nkhawa. LibreOffice ndi yaulere, ndipo itsegula docx ndi xlsx, ngakhale mfunda wa makalata ace eni ndi odt.

Catsala cinthu coopsa. Mbala nayo idziwa mwambo wa mfunda, nifika usiku ndi kudzicha mbale kuti ipatsidwe mphasa. Windows, ikadza yatsopano, ibisa mifunda ya mafailo amene iwadziwa, ndipo akuba apezerapo mpata. M'mwezi wa May 2000 failo ina inacokera ku Manila, m'dziko la Philippines, dzina lace LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Anthu anaona TXT nayesa kuti nkalata wamba, pakuti vbs wa kumapeto anabisika. Poitsegula inaononga mafailo ao, nidzitumiza yokha kwa anzao onse, ndipo m'masiku owerengeka inalowa m'makompyuta mamiliyoni. Mfunda weni-weni ndiwo wotsiriza. Exe, vbs, ndi apk ya pa mafoni a Android ndi mapulogramu. Munthu akakutumizirani "zotsatira za mayeso" ziri ndi mfunda wotere, musatsegule, angakhale adzichule ndi udindo wanji.

Kuti muone mifunda yonse, tsegulani File Explorer, pitani pa View, ndi kuconga pa mau akuti File name extensions. Pa Windows 11 mauwo ali pansi pa Show.

Ena mwandiuza kuti fulashi zanu zinabwera ku boma mafoda onse atasanduka tizithunzi ta kamubvi pa ngodya. Timeneto ndi ma lnk, ndipo kawiri-kawiri ndi nchito ya vairasi. Mafailo anu sanafe, angobisidwa. Musadine pa tizithunzito, ndipo musafulumire kupukuta fulashi. Ndadza ndi laputopu, iri pa thebulo la kumbuyoko. Tikatha kumwa tiyi bwerani nazo tizione pamodzi.