Kuyesa Uthenga wa pa Foni Monga Momwe Mbewu Imayesedwera

Mawu olankhulidwa kwa alangizi a zaulimi ku Rosebank, mu mzinda wa Johannesburg

Mlangizi aliyense amadziwa kuti mbewu yatsopano siperekedwa kwa achikumbi isanayesedwe. Ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, akatswiri amagawa munda m'ndime, nabzala mbewu yakale ndi yatsopano moyandikana, kenaka nkuyeza zokolola. Njira yosankha ndime mwamaere inakhazikitsidwa ndi Ronald Fisher, amene anayamba ntchito ku Rothamsted m'dziko la England m'chaka cha 1919. Lero malangizo ambiri akufika kwa mlimi kudzera pa foni ya m'manja, ndipo nawonso ayenera kuyesedwa chimodzimodzi.

Ku Malawi, ntchito ya 3-2-1 inayamba m'chaka cha 2014 pa mafoni a Airtel, kuti mlimi aimbe ndi kumva malangizo m'Chichewa. Uthenga umodzi wotere umafika kwa anthu zikwi zambiri tsiku limodzi. Ukakhala wosamveka, minda zikwi zambiri imalakwika nyengo imodzi, ndipo mlimi sangabweze mvula.

Kuyesa kwake kumatsata mfundo zisanu.

Choyamba, pakhale funso limodzi. Mwachitsanzo: kodi uthenga wobzala chimanga chimodzi paphando, pa masentimita 25 m'mizere yotalikirana masentimita 75, umatsatidwa kwambiri ukatumizidwa m'mawa kapena madzulo?

Chachiwiri, pasinthidwe chinthu chimodzi chokha. Ngati nthawi yasintha, mawu akhale omwewo. Zikasintha zonse ziwiri, palibe angadziwe chimene chabweretsa kusiyana.

Chachitatu, alimi agawidwe m'magulu awiri mwamaere, ndipo kompyuta ndiyo ichite maerewo. Mlangizi akasankha yekha, mosadziwa amaika alimi akhama m'gulu limodzi, monga munthu wobzala mbewu yatsopano pachulu nasiya yakale pamchenga.

Chachinayi, chinthu choti chiyezedwe chilembedwe kuyesa kusanayambe, pamodzi ndi chiwerengero cha alimi ndi tsiku lomaliza. Wosiya kuyesa pakati chifukwa gulu lina layamba kuoneka bwino ali ngati wokolola chimanga chili chiwisi.

Chachisanu, pasakhale gulu lomanidwa uthenga wodziwika kale kuti ndi wopulumutsa mbewu. Chenjezo la mbozi zoononga chimanga lipite kwa onse. Choyesedwa chikhale kanenedwe kake kokha.

Zimene zinachitika ku Kenya zikuphunzitsa kudekha. Pa kafukufuku wa alimi a nzimbe a kampani ya Mumias, amene ankalandira mauthenga owakumbutsa ntchito za m'munda anakolola zochuluka ndi 11.5 pa 100 iliyonse kuposa anzawo. Kafukufukuyo atabwerezedwa, kusiyana kotero sikunaonekenso. M'chaka cha 2019, Raissa Fabregas, Michael Kremer ndi Frank Schilbach anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana m'magazini ya Science, napeza kuti malangizo a pa foni amakweza zokolola ndi pafupifupi 4 pa 100 iliyonse. Phindu limeneli ndi lochepa kwa mlimi mmodzi, koma ndi lalikulu likafalikira kwa ambiri pa mtengo wotsika. Popeza ndi lochepa, silioneka pa alimi makumi awiri kapena atatu. Pamafunika ochuluka, ndiponso nyengo yoposa imodzi.

Apa ndi pamene udindo wa mlangizi ukukulira. Makina amawerenga amene anamvera uthenga mpaka kumapeto, koma sadziwa ngati foni inali m'manja mwa mayi wolima mundawo kapena mwa mwana wake. Sadziwanso ngati phando linasinthadi. Woona zimenezi ndi mlangizi amene wafika m'munda ndi chingwe choyezera. Choncho iye ayendere magulu onse awiri mofanana, asaulule kwa gulu lina uthenga wa linzake kuyesa kusanathe, ndipo alembe zimene waona ngakhale zitatsutsana ndi zimene akuluakulu amayembekezera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Uthenga woyesedwa bwino ndi umene mlangizi angaupereke kwa mlimi mopanda mantha.