SUKULU YA PAKHOMO: NTCHITO YA MAYI SABATA YONSE



Pa 23 Marichi 2020 Boma lidatseka sukulu zonse m'Malawi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana a Sitandade 8 adabwerera pa 7 Sepitembala, koma ang'ono awo adadikira kufikira pa 12 Okotobala. M'miyezi imeneyo ana ambiri adaiwala kuwerenga, ndipo atsikana ena adatenga pakati, osabwereranso kusukulu. Maphunziro adalipo pa wailesi ya MBC, koma wailesi siona ngati mwana wagwira pensulo. Pamenepo ife pabanja pathu kuno ku Balaka tidakonza dongosolo limene tikulitsatabe pa tchuthi chili chonse. Timakhala pamkeka ola limodzi lokha, dzuwa lisanakule.

Lolemba ndi tsiku lowerenga. Wamng'ono amalemba a, e, i, o, u padothi ndi kamtengo, kenaka ba, be, bi, bo, bu. Akuluwo amawerenga mokweza chili chonse chimene chili ndi malembo, ngakhale thumba la feteleza.

Lachiwiri ndi la masamu. Nthanga za thonje kapena nandolo timaziika m'milu ya khumikhumi, ndipo mwana amaphatikiza, kuchotsera ndi kugawa ndi manja ake.

Lachitatu timapita kumunda ndi chingwe. Mizere ya chimanga cha Sasakawa imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Tsono timafunsa kuti, "Mzere wa mamita 10 ulowa mbewu zingati?"

Lachinayi ndi la agogo, la nthano ndi zilapi. Atatha agogo, mwana amabwereza nthanoyo m'mawu ake. Ndi tsiku lomwelo limene amaphunzira za kwawo: kuti Shire amachoka m'Nyanja ya Malawi, nadzera ku Malombe ndi ku Liwonde, mpaka kukathira m'Zambezi ku Mozambique, ndiponso kuti Balaka adali mbali ya Machinga kufikira 1998.

Lachisanu aliyense amalemba kalata yaifupi kwa mbale wakutali. Loweruka timapita nawo kumsika, ndipo ndi mwana amene amalipira nawerengera chenji. Lamulungu timapuma.

Chinthu chimodzi tikupempheni: mtondo, mbale ndi madzi zisagwere mtsikana yekha pamene mlongo wake ali pa buku. Agawane ntchito, kenaka akhale pamkeka onse awiri.

Mwina mayi wina akuti, "Nanga ine wosadziwa kulembane?" Mayi, khutu muli nalo. Mwana akamawerenga mudzamva pamene akudodoma, ndipo mudzamuuza abwereze. Nandolo mumadziwa kuwerenga, chenji sakuberani. Mukapita kwa aphunzitsi ake adzakuuzani pamene afika m'buku. Ndipo wa mnansi akasuzumira, musendereni pamkeka, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Akulu adati m'mera mpoyamba. Tiyeni tikayambe Lolemba likudzali.